Francis Galton, katswiri woyeza anthu amene gwero la nzeru lidamuzemba

M'chaka cha 1884, pachionetsero cha zaumoyo chimene chidachitikira ku South Kensington mumzinda wa London, padali malo ena aatali koma opapatiza pamene anthu ankafola mzere tsiku ndi tsiku. Munthu ankalipira mapeni atatu, ndalama ija achikulire kuno ku Malawi amaikumbukira ndi dzina loti tiki, ndipo akalowa ankamuyeza msinkhu, kulemera, kutambasuka kwa mikono, mphamvu ya dzanja, mpweya wa m'mapapo, kupenya kwa maso ndi kumva kwa makutu. Potuluka ankamupatsa kakhadi ka zotsatira zake, kwinaku mwini malowo atasunga kakhadi kena kofanana nako. Pamene chionetserocho chinkatsekedwa n'kuti anthu 9,337 atayezedwa.

Mwini malowo adali Francis Galton, bambo wa zaka 62, wachuma, amene sadalembedwepo ntchito yolandira malipiro. Cholinga chake sichidali mikono kapena mapapo ayi. Ankafuna kupeza njira yoyezera nzeru za munthu, ndi kutsimikiza zimene adali atakhulupirira kale, zoti nzeru zimayenda m'magazi. Pofunafuna umboni umenewu adatulukira zida ziwiri za masamu zimene aliyense wochita kafukufuku wa kaganizidwe ndi khalidwe la munthu amagwiritsa ntchito mpaka lero. Zida zomwezo ndi zimene zimaonetsa poyera pamene maganizo ake adaphonya.

Galton adabadwa pa 16 February 1822 ku Sparkbrook, m'mbali mwa mzinda wa Birmingham. Bambo ake, Samuel Tertius Galton, adali mwini banki. Chuma cha banjali chidayambira pa ntchito yopanga mfuti, ndipo zina mwa mfutizo zinkagulidwa ndi amalonda amene ankakazisinthanitsa ndi akapolo m'magombe a kumadzulo kwa Africa. Mayi ake, Violetta, adali mwana wa dokotala wotchuka Erasmus Darwin, kotero kuti Galton ndi Charles Darwin adali adzukulu a gogo mmodzi.

Mwanayu adali chitsiriza m'banjamo. Mlongo wake Adèle, amene adali wamkulu kwa iye ndi zaka 12 ndipo ankavutika ndi msana, adamutenga ngati ntchito ya moyo wake. Ankaphunzira yekha maphunziro osiyanasiyana pofuna kuti akamuphunzitse mlongo wakeyo, ndipo Francis adayamba kuwerenga asadakwanitse zaka zitatu. Pofika zaka zisanu ankadzitama m'kalata kuti amatha kuwerenga buku lililonse la Chingerezi komanso kuchulukitsa manambala. M'chaka cha 1917, Galton atamwalira kale, katswiri wa ku America Lewis Terman adasanthula makalata a ubwana wakewo n'kunena kuti nzeru zake pa muyeso wa IQ zidali pafupifupi 200. Koma makalata sangalekanitse mphatso ya mwana ndi khama la mlongo amene adakhala naye maola ambiri tsiku lililonse m'nyumba yodzaza mabuku. Funso limene lidamuzunguza Galton moyo wake wonse lidali kale m'chipinda chimene adaleredweramo.

Maphunziro ake sadayende monga makolo ankayembekezera. Adayamba za udokotala ku Birmingham ndi ku London, kenako mu 1840 adapita kukaphunzira masamu ku Trinity College, Cambridge. Kumeneko adadwala chifukwa chopanikiza mutu, ndipo adatuluka ndi digiri wamba. Bambo ake atamwalira mu 1844 adamusiyira chuma chokwanira moyo wonse, ndipo za udokotala zidathera pomwepo. Adayendayenda ku Egypt, Sudan ndi Syria, kenako adakhala zaka zingapo akusaka nyama.

Mu 1850 adanyamuka ulendo umene udamutchukitsa. Adakocheza ku Walvis Bay, m'dziko limene lero ndi Namibia, ndipo pamodzi ndi Charles John Andersson adadutsa m'dera la Aherero mpaka kukafika kwa Aovambo kumpoto. Atabwerera kwawo mu 1852, bungwe la Royal Geographical Society lidamupatsa mendulo ya golide, ndipo mu 1853 adatulutsa buku la ulendowo komanso adakwatira Louisa Butler.

M'bukumo muli kankhani kamene kamaonetsa mmene mkuluyu ankaganizira. Nkhosa imodzi ankagula ndi mipukutu iwiri ya fodya. Akapereka mipukutu inayi kuti atenge nkhosa ziwiri nthawi imodzi, wogulitsa ankakayikira, ndipo ankafuna kuti malonda achitike nkhosa imodziimodzi. Galton adagamula kuti munthuyo sankatha kuwerengera, mpaka adamuyerekeza ndi galu wake. Komatu panali zifukwa zina zimene zikadafotokoza zomwezo. Mlendo wa mfuti amene chiyankhulo chako sachidziwa bwino, malonda naye umachita pang'onopang'ono kuti asakupusitse. Ndipo Galton yemweyo adalemba kuti abusa a kumeneko ankazindikira msanga ng'ombe imodzi ikasowa m'khola lalikulu, chifukwa ankadziwa nkhope ya ng'ombe iliyonse. Adaona khalidwe, adasankha chifukwa chimodzi chimene chinkagwirizana ndi zimene adabwera nazo mumtima, ndipo zifukwa zinazo sadaziyese n'komwe.

Zaka zotsatira adazithera pa za maulendo ndi zanyengo. Ndiye adakonza mapu a zanyengo oyamba kusindikizidwa m'nyuzipepala ya The Times, pa 1 April 1875. Koma chimene chidatembenuza moyo wake ndi buku la mbale wake Darwin, On the Origin of Species, limene lidatuluka mu 1859. Galton adaganiza kuti ngati alimi amasankha ng'ombe ndi agalu oti abereke kuti mtundu ukhale wabwino, ndiye kuti nzeru ndi khalidwe la anthu nazonso n'zotengera, ndipo zikhoza kusankhidwa chimodzimodzi.

Umboni wake adaupereka mu 1869 m'buku lotchedwa Hereditary Genius. Adatenga mabuku a mbiri za anthu otchuka n'kuyamba kuwerenga maina: oweruza milandu, atsogoleri a ndale, akuluakulu a nkhondo, olemba mabuku, asayansi, oimba ndi ena. Munthu wotchuka kwenikweni, malinga ndi muyeso wake, adali mmodzi mwa anthu 4,000 alionse. Mwa oweruza 286 a ku England a pakati pa 1660 ndi 1865, adapeza kuti oposa 100 adali ndi wachibale wotchuka, chiwerengero choposa kutalitali chimene chikadapezeka mwamwayi chabe. Adaonanso kuti ana ndi abale enieni a munthu wotchuka ankatchuka kawirikawiri kuposa adzukulu ndi asuweni. Ubale ukamatalikira, kutchuka kunkachepa. Kwa iye nkhani idathera pomwepo.

Ziwerengerozo sizidali zabodza. Vuto lidali pa tanthauzo lake. Achewa amati make mbuu, mwana mbuu, ndipo mwambiwu umanena zoona, koma sunena ngati kutuwa kwa mwanayo kwachokera m'mimba kapena pabwalo la fumbi limene onse awiri amakhalapo. Mwana wa woweruza milandu ku England wa nthawi imeneyo ankalandira magazi a bambo ake, inde, koma ankalandiranso ndalama za sukulu, mabuku, chakudya chokwanira, dzina lotsegula zitseko, ndi anzawo a bambo ake amene ankagawa maudindo. Zonsezi nazonso zimachepa ubale ukamatalikira: mwana amadyerera kwambiri kuposa mdzukulu, mdzukulu kuposa msuweni. Ndiye kuti ziwerengero za Galton zikadaoneka chimodzimodzi kaya gwero ndi magazi, kaya ndi kaleredwe, kaya ndi zonse ziwiri. Umboni umene ukugwirizana ndi mbali zonse za mlandu sungagamule mlanduwo. Padali vuto linanso: chimene adawerenga sichidali nzeru koma kutchuka, m'dziko limene akazi ndi ana a amphawi sankaloledwa kufika pamene munthu amatchukirapo.

Si kuti Galton sadaliganizire vutoli. Adafunafuna anthu amene adalandira mwayi popanda kukhala ana obereka, ndipo adawapeza ku Roma. Apapa akale, pokhala opanda ana ovomerezeka, ankakweza ana a abale awo powapatsa maudindo ndi chuma. Galton adanena kuti anyamata amenewa sadatchuke monga ankatchukira ana enieni a anthu otchuka. Ganizo lofananitsa magulu awiri otere lidali lanzeru ndithu, ndipo ndi kholo la kafukufuku wa ana oleredwa ndi makolo osawabereka amene akuchitika masiku ano. Koma adalichita mwachidule, popanda kuwerengera mosamala monga adachitira ndi oweruza aja, ndipo kupatsidwa udindo uli wamkulu kale sikufanana ndi kuleredwa m'nyumbamo kuyambira ukhanda.

Pa maziko ofookawa adamangapo chinthu cholemera. M'buku lomwelo adaika mitundu ya anthu pa makwerero, Agiriki akale a ku Athens pamwamba pa Angerezi, ndipo anthu akuda masitepe awiri pansi pa Angereziwo. Umboni wake udali nkhani za apaulendo ndi zimene iye adaona ku Namibia, monga za nkhosa ndi fodya zija. Mu June 1873 adalembera kalata nyuzipepala ya The Times yolimbikitsa kuti Matchaina akakhazikitsidwe m'magombe a kum'mawa kwa Africa, n'chiyembekezo choti adzachulukana n'kulowa m'malo mwa eni nthaka.

Chaka chomwecho cha 1873 adapeza womutsutsa wodziwa ntchito. Alphonse de Candolle, katswiri wa zomera wa ku Geneva, adawerenga maina a asayansi a maiko akunja amene mabungwe akuluakulu a sayansi a ku Paris, London ndi Berlin adawasankha kukhala mamembala pa zaka pafupifupi 200. Adapeza kuti maiko ang'onoang'ono monga Switzerland adatulutsa asayansi ochuluka kuposa kukula kwawo, ndipo adaloza ku sukulu zabwino, chuma, ufulu wofunsa mafunso ndi chipembedzo chosaopseza ofufuza. Njira yake idali yofanana ndi ya Galton, kuwerenga maina a anthu otchuka, koma yankho lidatuluka losiyana.

Galton adayankha potumiza mapepala a mafunso kwa asayansi pafupifupi 200 a m'bungwe la Royal Society, kuphatikizapo Darwin. Mwa zina adawafunsa ngati chidwi chawo pa sayansi adabadwa nacho. Ambiri adavomera, ndipo mu 1874 adatulutsa buku limene lidatchukitsa mawu awiri a Chingerezi otanthauza chibadwa ndi kaleredwe, amene akatswiri akukanganirana mpaka lero. Njira yotumiza mafunso kwa anthu ambiri idakhazikika ndipo idathandiza ofufuza am'tsogolo. Koma munthu wa zaka 60 sangakumbukire chimene chidamukopa ali ndi zaka zitatu, ndipo chimene chidalowa mwa iye asadayambe kukumbukira amachiona ngati chobadwa nacho. Komanso ndi ochepa amene angakane ulemu woti adabadwa ndi mphatso.

Chodabwitsa n'chakuti njira yolondola yofufuzira gwero la chinthu ankaidziwa, ndipo adaigwiritsapo ntchito. Darwin ankaganiza kuti ziwalo zonse za thupi zimatulutsa tinthu ting'onoting'ono timene timanyamula maonekedwe a kholo kupita kwa mwana. Galton adaganiza kuti ngati zili choncho, tinthuto tiyenera kupezeka m'magazi. Kuyambira mu 1869 adatenga akalulu a mtundu wotuwa, n'kuwathira magazi a akalulu a mitundu ina, kenako n'kuwasiya aswane okhaokha. Ana ambirimbiri adabadwa, pafupifupi onse otuwa ngati makolo awo. Apa adasintha chinthu chimodzi ndi dzanja lake, zina zonse n'kuzisiya momwemo, ndipo yankho lidatuluka losakayikitsa ngakhale kuti silidali limene ankafuna. Adalengeza zotsatirazo mu 1871, Darwin n'kudandaula kuti iye sadanenepo za magazi. Pa akalulu Galton ankasintha zinthu n'kuona chotsatira, koma pa anthu ankangowerenga zimene zidachitika kale.

Malire a kuwerenga kotere adaonekanso mu 1872, pamene adafuna kuyeza mphamvu ya pemphero. M'matchalitchi a ku England ankapempherera banja lachifumu Lamulungu lililonse kuti likhale ndi moyo wautali. Iye adaonetsa kuti amuna a m'mabanja achifumu ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 64, pamene eni minda olemera ankafika zaka 70. Nkhaniyi idakwiyitsa atsogoleri a mipingo, ngakhale kuti iye adavomereza kuti pemphero limalimbitsa mtima wa wopempherayo. Koma kuyang'ana kwa wofufuza, mafumu ndi eni minda ankasiyana pa zinthu zambiri kupatula mapemphero: kadyedwe, nkhawa za udindo, kukwatirana pachibale. Magulu osiyana pa zinthu khumi sangakuuze kanthu za chinthu chimodzi.

Mu 1875 adatembenukira kwa mapasa. Adasonkhanitsa mbiri za mapasa ofanana kwambiri ndi za ena osafanana, n'kupeza kuti ofanana ankapitiriza kufanana ngakhale atakula n'kupatukana, pamene osafanana sankayamba kufanana ngakhale adaleredwa m'nyumba imodzi. Uwu udali umboni wamphamvu kuposa wa oweruza uja. Komabe mabanja amene adamuyankha adali a anthu ophunzira ndi opeza bwino okhaokha. Pamene ana onse akudya mokwanira ndi kupita kusukulu, kusiyana kumene kwatsala kumaoneka kwa chibadwa, chifukwa kaleredwe sikadapatsidwe mpata wosiyana. Galton mwini adalemba kuti mfundo yakeyo ikugwira ntchito pakati pa anthu a gulu limodzi m'dziko limodzi. Chenjezoli sadalikumbukire poweruza mitundu ya anthu a kutali.

Ntchito imene dzina lake lidzakhalire idayambira pa mbewu. Mu 1875 adatumizira anzake njere za mtundu wina wa nsawawa zamaluwa, atazigawa m'magulu asanu ndi awiri malinga ndi kulemera, kuti akadzale n'kumubwezera zokolola. Njere zazikulu zidabereka njere zazikulu, koma zosafika pa makolo awo. Njere zazing'ono zidabereka zazing'ono, koma zokulirapo kuposa makolo. Ana onse ankasendera chapakati. Patapita zaka khumi adapeza zomwezo mwa anthu, atasanthula misinkhu ya ana akuluakulu 928 obadwa kwa mabanja 205. Ngati makolo adali aatali ndi mainchesi atatu kuposa msinkhu wa anthu ambiri, ana awo, powaphatikiza onse, ankapitirira ndi mainchesi awiri okha. Khalidwe limeneli adalitcha regression, kutanthauza kubwerera chapakati.

Poyamba adaganiza kuti watulukira mphamvu ina ya m'chilengedwe, yoti makolo akalekale, amene ambiri adali anthu wamba, amakokera mwana kwa iwo. Kenako adatembenuza tebulo la ziwerengero zake, n'kuyamba ndi ana m'malo mwa makolo. Ana aatali kwambiri adapezeka kuti makolo awo, powaphatikiza, adali aatali pang'ono chabe. Kubwerera chapakati kuja kunkachitika chakutsogolo komanso chakumbuyo. Kunkachitikanso pakati pa munthu ndi mbale wake. Mwana sangafupikitse bambo amene adakula iye asadabadwe, choncho chimene ankaonacho sichidali mphamvu yokoka. Chidali chotsatira cha masamu basi, chimene chimaoneka paliponse pamene zinthu ziwiri zikugwirizana koma osati kotheratu. Chinthu chopitirira muyeso chimakhala ndi gawo lokhazikika ndi gawo lamwayi, ndipo mwayi subwereza. Galton sadalitaye kotheratu ganizo la makolo akale lija, koma ziwerengero zake zidali zitalankhula kale.

Mfundo imeneyi ndi msampha waukulu pa kafukufuku wa khalidwe la anthu. Daniel Kahneman, amene adadzalandira mphoto ya Nobel mu 2002, ankaphunzitsa alangizi a oyendetsa ndege zankhondo ku Israel kuti kuyamikira kumaphunzitsa bwino kuposa kukalipira. Mlangizi wina adamutsutsa kuti iye akayamikira wophunzira amene waulutsa bwino kwambiri, ulendo wotsatira amachita moipirapo, koma akakalipira amene walakwitsa kwambiri, amachita bwinoko. Zimene mlangiziyo adaona zidali zoona, koma zikadachitika ngakhale iye akadakhala chete. Chimodzimodzi munthu amapita kukalandira uphungu pamene nkhawa zake zafika pachimake, ndipo ana amene amasankhidwira maphunziro apadera ndi amene alephera kwambiri mayeso. Powayezanso, ambiri amapezeka atasintha, thandizolo likhale logwira ntchito kapena ayi. Ichi n'chifukwa chake kafukufuku wodalirika amakhala ndi gulu lachiwiri, lofanana ndi loyambalo, limene silinalandire thandizolo.

Chida chachiwiri chidabwera mu 1888. Apolisi a ku Paris, motsogozedwa ndi Alphonse Bertillon, ankazindikira zigawenga poyeza ziwalo zingapo za thupi. Galton adafunsa ngati miyesoyo ili yodziimira payokha, popeza munthu wamtali amakhalanso ndi mkono wautali ndi phazi lalitali. Atasanthula miyeso ya amuna pafupifupi 350, adapeza njira yofotokozera ndi nambala imodzi kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi motani: ziro ngati palibe mgwirizano, 1 ngati zikugwirizana kotheratu. Msinkhu ndi kutalika kwa mkono kuchokera pachigongono zidapereka 0.8. Ichi ndicho chimene lero chimatchedwa correlation, ndipo Karl Pearson, wotsatira wake, ndiye adadzachikonza kukhala mmene chikuphunzitsidwira m'mayunivesite.

M'nkhani imene adalengezera zimenezi, Galton adafotokoza momveka kuti ziwalo ziwiri zimayendera limodzi chifukwa zina mwa zimene zimazikulitsa n'zofanana. Mkono sutalikitsa mwendo, ndipo mwendo sutalikitsa mkono. Pali chachitatu kumbuyo kwa zonse ziwiri. Mfundo imeneyi, yolembedwa ndi dzanja lake lomwe, ndiyo yankho ku buku lake la 1869, pakuti kutchuka kwa bambo ndi kwa mwana kukhoza kuyendera limodzi chifukwa cha chuma ndi mwayi umene uli kumbuyo kwa onse awiri. Iye sadabwerere kukaliyeza bukulo ndi muyeso wakewu, ndipo mu 1892 adalisindikizanso mfundo yake yaikulu ili momwemo.

Ngakhale chiyembekezo chimene adatsegulira malo oyezera anthu aja chidagwa ndi chida chomwechi. Galton ankakhulupirira kuti munthu wa maso akuthwa, makutu akuthwa ndi wochita zinthu mwachangu ndiye wanzeru. James McKeen Cattell adapita ndi ganizoli ku America n'kuyeza ophunzira a pa yunivesite ya Columbia. Mu 1901 wophunzira wake Clark Wissler adawerengera mgwirizano wa miyesoyo ndi magiredi a m'kalasi, ndipo udapezeka pafupifupi ziro. Zomwezo zidachitikanso ndi zithunzi: mu 1878 Galton adaphatikiza nkhope za akaidi ambiri pachithunzi chimodzi kuti apeze nkhope ya chigawenga, koma chidatuluka chithunzi cha munthu wooneka bwinobwino.

Njira yotsekera chachitatu chobisala chija idapezeka ndi ena. M'chaka chomwe Galton ankayeza anthu ku South Kensington, Charles Sanders Peirce ndi Joseph Jastrow ku yunivesite ya Johns Hopkins ankafufuza mmene munthu amasiyanitsira zolemera ziwiri zoyandikana, ndipo ankasakaniza makhadi a njuga kuti mwayi ndiwo usankhe dongosolo la mayesowo. Ronald Fisher adadzaikhazikitsa njirayi m'ma 1920 pa kafukufuku wa ulimi ku Rothamsted. Maere akagawa anthu m'magulu awiri, chuma, maphunziro ndi chibadwa zimagawikana mofanana, kotero kuti kusiyana kumene kwatuluka kumachokera ku chimene wofufuza wasintha. Koma palibe angagawe makanda kwa makolo mwa maere, n'chifukwa chake funso la Galton likadali lovuta. Kafukufuku wa mapasa ndi wa ana oleredwa ndi ena waonetsa kuti chibadwa chili ndi gawo lenileni pa kusiyana kwa anthu a m'dera limodzi, ndipo apa Galton adalondola. Waonetsanso kuti ana a m'mabanja osauka amene aleredwa m'nyumba zopeza bwino amakhoza bwino mayeso a nzeru kuposa abale awo otsala. James Flynn adaonetsa m'ma 1980 kuti zotsatira za mayeso a IQ m'maiko ambiri zakhala zikukwera ndi mapointi pafupifupi atatu pa zaka khumi zilizonse, liwiro limene magazi a mtundu wa anthu sangasinthe nalo.

Galton sadadikire mayankho amenewa. Mu 1883 adapeka mawu akuti eugenics, kutanthauza kukonza mtundu wa anthu polimbikitsa amene iye ankawaona oyenera kuti abereke ana ambiri, ndi kuchepetsa kubereka kwa amene ankawaona osayenera. Zaka zake zomaliza adazipereka ku ntchito imeneyi, ngakhale kuti pakatipo adalembanso buku la 1892 la zidindo za zala limene lidathandiza apolisi. Iye mwini ndi Louisa sadakhale ndi mwana. Mkazi wakeyo adamwalira mu 1897. Mu 1909 mfumu idamupatsa ulemu wa Sir, ndipo chaka chotsatira adalemba nthano ya dziko limene anthu amalemba mayeso kuti aloledwe kubereka. Osindikiza mabuku adaikana, ndipo wachibale wake adawononga mbali yaikulu ya zolembazo.

Adamwalira pa 17 January 1911 ku Haslemere ali ndi zaka 88, ndipo adaikidwa ku Claverdon. Chuma chake chambiri adachisiyira yunivesite ya London kuti ikhazikitse udindo wa pulofesa wa eugenics. Woyamba kukhala paudindowo adali Pearson, wachiwiri Fisher. Pofika nthawiyo ganizoli lidali litawoloka kale nyanja. Chigawo cha Indiana ku America chidakhazikitsa lamulo lotseka anthu mokakamiza kuti asabereke mu 1907, khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza malamulo otere mu 1927, ndipo anthu oposa 60,000 adatsekedwa. Ku Germany lamulo la 1933 lidakhudza anthu pafupifupi 400,000. Ambiri mwa anthuwa mlandu wawo udali umphawi, kulumala, matenda a maganizo kapena kulephera mayeso, ndipo umboni woti vutolo lili m'magazi nthawi zambiri udali mndandanda wa achibale amene adakulira mu umphawi womwewo.

Mu June 2020, University College London idachotsa maina a Galton ndi Pearson pa nyumba ndi zipinda zake zophunzirira, ndipo mu January 2021 idapepesa poyera chifukwa cha gawo limene idatengapo pofalitsa eugenics. Chipinda chimene chinkadziwika ndi dzina la Galton adachitcha Lecture Theatre 115.